Ngalande ya Linga M'munda wa Thonje ku Nsefu

Wofuna kuona nthaka ya m'chigwa cha Luangwa ili pambalambanda apite mu Okutobala. Thonje limakhala litakololedwa, mitengo yake itazulidwa n'kutenthedwa monga alangizi amalamulira, udzu utapsa, makande atang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Masana kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho ulendo wapansi umayamba nkhuku zikungotsika. Ndi nyengo yowawa, koma ndi yokhayi imene munthu angaone kukwera ndi kutsika kwa nthaka kumene mbewu ndi tchire zimabisa chaka chonse.

Kuchokera ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 a phula, kutsika mapiri, kudutsa kwa Jumbe ndi pa Masumba. Kuchoka pamenepo msewu wafumbi umalowera kumpoto, m'dziko la Mfumu Yaikulu Nsefu, wamkulu mwa mafumu asanu ndi imodzi a Akunda. Enawo ndi Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Mtsinje wa Msandile tinaupeza uli mchenga wokhawokha, amayi akufukula madzi m'maenje ndi zikho. Midzi yonse ya kuno ili m'dera la Lupande, kumene lamulo limalola kuti anthu ndi nyama zakutchire zikhale pamodzi, ngakhale sanafunsidwe onse awiri ngati akufuna.

Kumunda kwa eni sungangolowa. Tinayamba kwa nyakwawa, tinakhala pansi, tinaomba m'manja, tinafotokoza chimene tadzera. Iwo anamvetsera mpaka tinatha, kenaka anatuma mwana kukaitana mwini munda, bambo wachikulire wowonda, wa chipewa chamlaza, amene anafika nkhwangwa ili paphewa.

"Alendowa akufuna kuona bwinja lija," anatero a nyakwawa.

"Kulibe chooneka kumeneko, bambo," anandichenjeza mwini munda. "Koma tiyeni, dzuwa lisanakwiye."

Njira yopita kumunda inandiphunzitsa za mantha a lero ndisanafike pa mantha a kale. M'mbali mwa minda munali zingwe zomangidwa pamitengo, nsanza zakuda zikulendewera. Nsanzazo amazinyika m'mafuta akale a galimoto osakaniza ndi tsabola kuti njovu zinyansidwe ndi fungo. Apa ndi apo panali nsanja zolindirapo, zofolera ndi udzu, pansi pake phulusa la moto wa usiku ndi zigubu zoimba poopseza. M'mudzi momwe tinachokera ndinali nditaona nkhokwe zasimenti zimene amazitcha felumbu, zomwe bungwe la Conservation South Luangwa lakhala likuthandiza alimi kumanga chifukwa nkhokwe yoluka njovu imangoitsegula ndi chitamba. Munthu wa ku Nsefu akadzala, amayamba waganiza kuti mdani adzalowera mbali iti.

Tinadutsa nkhalango ya mitsanya, mitengo yake yodulidwa misinkhu ndi njovu, kenaka tinatulukira pamunda waukulu wotsamira pang'ono kumtunda. Pakati pake panali mbwemba waukulu, kumbali mlambe. Mwini munda anaima, naloza pansi ndi mpini wa nkhwangwa.

"Mwaimamo kale," anatero.

Ndinayang'ana kumapazi. Ndinali m'kachigwa kosazama, kofika mwina m'mawondo, kotambalala moti munthu sangakadumphe ndi phazi limodzi. Dothi la pansi pake linali lakuda ndi losalala kuposa la m'mbali. Kudzanja lamanja nthaka inakwera kukhala mtumbira wautali wophwanyika, kumanzere inangopitirira yathyathyathya. Titayamba kuyenda m'kachigwamo, ndinaona kuti sikakulunjika kumtsinje monga madzi amachitira. Kankakhota pang'onopang'ono, nthawi zonse mbali imodzi, mtumbira osachoka kudzanja lamanja. Pena kankazimirira pamene khasu lakhala likudutsa zaka zambiri, n'kudzaonekanso patsogolo. Tinauzungulira mbwemba uja patali, ndipo tinabwerera pamene tinayambira. Ngalandeyo ndi yozungulira ngati nkhata, ndipo mkati mwake mungakwane mudzi wa mabanja angapo ndi nkhokwe zawo.

M'chigwa chino munthu ayenera kusamala asanatche dzenje lililonse kuti ndi ntchito ya manja, pakuti Luangwa ndi katswiri wokumba. Chaka chilichonse umadya gombe lakunja la pamene wakhota n'kusiya mchenga mkati, ndipo pokhotapo pakapindika kwambiri umapadula n'kusiya thamanda lopindika. Luangwa Wafwa, pafupi ndi Mfuwe, ndi limodzi mwa mathamanda otere, ndipo ang'onoang'ono okwiririka ali ponseponse m'minda. Koma madzi satseka mzere wake. Njira yakale ya mtsinje imakhala ndi polowera ndi potulukira, ndipo pansi pake ukakumba umapeza mchenga. Madzi saunjikanso dothi mbali imodzi yokha kuzungulira malo onse. Pano dothi lonse linaponyedwa mkati, ndipo kumbali yoyang'ana kum'mawa ngalande inaduka, kusiya kanjira kolimba kokwana anthu awiri. Pamenepo ndi pamene panali khomo.

"Ambuya anga ankati pamtumbirapa panali mitengo ya tsanya yozika mothithikana, kunja kwake minga," anatero mwini munda. "Dzuwa likalowa ankapiringidza khomo ndi zipika. Wochedwa kumadzi ankagona kunja."

Tsanya ndi mtengo wouma gwa, chiswe chimaulephera, koma ngakhale tsanya sangapirire moto wa chaka ndi chaka. Palibe chipika chimene chatsala. Nyumba ya mwini linga, imene akuti inali chakumbuyo, kutali ndi khomo, yasiya kamtunda kosaoneka bwino kamene ukanakhala wosadziwa ukanati ndi chulu chakufa.

Chuma cha malowa chili pansi. Titalowa mkati, dothi linasintha mtundu, kukhala lotuwa, lofewa, lopita m'zala. Limeneli ndi phulusa la m'mafuwa ambiri ndi zinyalala za padzala, ndipo ndi chifukwa chake mwini munda amadzala chimanga mkatimu, thonje n'kulisiyira kunja. Mapale anali mbwee. Ndinatola lina la kukamwa kwa mphika, lokhala ndi mzere wa timadontho tosindikizidwa mopendekera pansi pa mlomo. Mkazi wa mwini munda, amene anatitsatira atanyamula chigubu cha madzi, analilandira, nalitembenuza, nalipukuta ndi chala.

"Uwu unali mphika wa ndiwo," anatero. "Onani mwaye. Uyu ankadziwa kuumba, khoma lake n'lopyapyala. Amayi anga ankalemba chonchi, ndi kachitsulo ka mano."

Akatswiri ofukula zakale amadziwa kalembedwe kameneka. David Phillipson, amene anafukula m'mapanga a Kalemba, Makwe ndi Thandwe kuno kum'mawa n'kutulutsa buku la zimene anapeza mu 1976, anatcha kaumbidwe kameneka dzina la mtsinje wa Luangwa. Anaona kuti kanayamba kufala cha m'ma 1000, kuti kanafika kwa Achewa, Ansenga, Abisa ndi Abemba, ndiponso kuti oumba ake ndi akazi, mwana kuphunzira kwa mayi wake. Apa pali vuto kwa wofufuza. Kalembedwe kakakhala zaka mazana ambiri osasintha kwenikweni, phale lokha silingakuuze ngati mphika unasweka m'nthawi ya Kalonga kapena m'nthawi ya agogo athu. Pamafunika makala a m'munsi mwa ngalande, opimidwa ku labotale. Koma mayi uja, amene sanawerengepo Phillipson, anadziwa ntchito ya mphika ndi luso la woumba pongogwira.

Panalinso zibuma zofiira, zolimba ngati zawotchedwa dala, zina zokhala ndi mphako zazitali mbali imodzi. Limeneli ndi dothi lomata nyumba, ndipo mphakozo ndi malo a mitengo imene linakutira. Dothi lomata likagwa ndi mvula limasungunuka n'kubwerera kunthaka. Limatsala pokhapokha nyumba itapsa. Tsono nyumba zina za muno zinapsa, kaya ndi adani, kaya ndi eni ake posamuka, kaya ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Pansi pa mbwemba panali mphero yosweka pakati, yokumbika kwambiri ndi mapira, ndipo mwala wotere suchokera m'makande ano. Wina anausenza kuchokera kumapiri. Mwini munda anapisa m'thumba la malaya natulutsa timikanda tiwiri tagalasi, kena koyera kena kofiira, timene mvula inafukula chaka chatha. Mikanda yotere inkachokera kutsidya la nyanja, ndipo inkafika kuno pamitu ya anthu, posinthana ndi minyanga, nthawi zinanso ndi anthu amene.

Kodi ankaopa yani? Mbiri ya Akunda imati makolo awo anachokera ku Uluba motsogozedwa ndi Mambwe, amene boma lino linatengera dzina lake, ndipo anakhazikika m'chigwa chino pa nthawi imene chinali njira ya aliyense. Francisco de Lacerda anawoloka Luangwa mu 1798 popita kwa Kazembe, kumene anakafera. Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo mu 1831. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo patapita zaka makumi atatu ndi mphambu, mwana wake Mpezeni anadzakhazikika kumapiri a kufupi ndi Chipata, masiku ochepa chabe a ulendo wapansi kuchokera pano. Kumpoto Abemba ankakankha Abisa kuwatsitsira m'chigwa. Kumwera kunkachokera Achikunda, amene si Akunda ayi, koma asilikali a eni malo a Chipwitikizi a m'mbali mwa Zambezi. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya ankatumiza magulu a mfuti kukwera Luangwa kukasaka njovu ndi akapolo. David Livingstone atawoloka mtsinjewu pa Perekani, kumpoto kwa kuno, mu Disembala 1866, analemba za njala ndi za midzi yokhala mwamantha chifukwa cha Angoni, amene iye ankawatcha Mazitu. Kumapeto kwa Januwale 1867 anafika kwa Chitapankwa, mfumu ya Abemba, napeza mudzi wa mipanda itatu, wam'katiwo wotetezedwanso ndi ngalande yakuya ndi mpanda wa minga.

Tsono linga la m'munda uno silinali lachilendo. Dziko lonse kuyambira ku nyanja ya Malawi mpaka ku Zambezi linali la malinga. Nkhotakota ya Jumbe wa kunyanja, osati wa Akunda uja, mpaka lero ena amangoti ku Linga. Mlozi, wamalonda a akapolo, anali ndi lake ku Mpata, pafupi ndi Karonga, limene Harry Johnston analigumula ndi mizinga mu Disembala 1895. Ku Massangano, kumunsi kwa Tete, banja la Bonga linagonjetsa magulu angapo a nkhondo a Apwitikizi lisanagwe mu 1888. Amenewo ndi otchuka chifukwa azungu anamenyana nawo n'kulemba. Ang'onoang'ono ngati lino, amene mwina sanaone mzungu, anangotsala m'kamwa mwa adzukulu.

Ndinakhala pamtumbira n'kuyamba kuganiza za thukuta. Makande a m'chilimwe khasu limadumpha, a m'dzinja amakakamira. Makasu a nthawi imeneyo anali osula pamanja, ndipo khasu linali chuma chokwatira nacho. Dothi lonse la ngalandeyi linatuluka m'madengu, pamitu. Kudula tsanya wokwana kuzungulira mudzi, ndi nkhwangwa zazing'ono, si ntchito ya banja limodzi. Panali munthu amene ankati "mawa tikumba" anthu n'kudzuka, ndipo ena mwa okumbawo mwina sanali mfulu. Ngalande imateteza, inde, komanso imalengeza kuti muno muli mwini, ndipo imasiyanitsa ogona mkati ndi ogona kunja. Pothawira nkhondo kwa mwini linga, munthu ankalipira ndi khasu lake, ndi mnyanga wogwa pansi akapha njovu, nthawi zina ndi mwana wake wamkazi.

Mbali imeneyi ndi imene imafanana ndi za ku England, kumene nkhani ya ngalande zozungulira nyumba inafufuzidwa kwambiri. Kumeneko akudziwa malo otere pafupifupi 6,000, ambiri okumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350, makamaka m'madera a dothi lamakande a pakati ndi kum'mawa kwa dzikolo, kumene madzi sathawa m'ngalande. Eni minda ikuluikulu ankamanga nyumba pakachilumba kozunguliridwa ndi madzi, n'kuika kamlatho. Akatswiri a kumeneko amati ngalande zambiri sizikanaletsa gulu lankhondo. Zinkaletsa akuba, zinkasunga nsomba, koma makamaka zinkaonetsa kuti mwini wake ndi munthu wolemera. Nyumba zochepa, monga Ightham Mote ku Kent, zikadaima madzi ali m'mbali. Zambiri zinagwa kalekale, ndipo chimene chatsala ndi chimene ndinali kuona ku Nsefu: kachigwa kozungulira m'munda wa mlimi, mapale, zidutswa za denga. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko malo ambiri otere ali m'kaundula wa boma, lamulo la 1979 limaletsa kuwakumba popanda chilolezo, ndipo ndege zojambula ndi LiDAR zimaona mizere ya ngalande ngakhale pansi pa mitengo. Kwathu ngalande inali youma miyezi yambiri ndipo mantha anali enieni, koma kunyada kwa mwini kunali komweko.

Linga linafa pamene chifukwa chake chinafa. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingu anaphedwa mwezi wotsatira. Malonda a akapolo anatha, m'malo mwake munabwera msonkho. Kukhala mothithikana m'mpanda, pamodzi ndi utsi, nthata ndi matenda, kunalibenso phindu, ndipo anthu anabalalikira kuminda. Kenaka kunabwera kaodzera. Kachilombo ka mtundu woopsa wa matendawa kanadziwika mu 1910 m'magazi a mzungu amene anadwalira m'chigwa chino, ndipo pofika 1912 akatswiri Kinghorn ndi Yorke, atagwira ntchito ku Nawalia, anatsimikiza kuti kashembe wa m'tchire lino ndiye amakafalitsa kuchokera ku nyama. Boma la atsamunda linasamutsa midzi ndi kutseka njira. Mu 1938 dera lalikulu la kutsidya linasanduka malo osungira nyama, ndipo mu 1972 linakhala South Luangwa National Park, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake. Kusintha kulikonse kumeneku kunasiya mabwinja.

Kashembe yemweyo ndiye wasunga ngalandeyi. Kumene kuli kashembe ng'ombe sizikhalitsa, ndipo kumene kulibe ng'ombe kulibe pulawo. Munda uno walimidwa ndi khasu lamanja mibadwo yonse, ndipo khasu limangokanda pamwamba. Kumtunda, kwa Angoni ndi Achewa olima ndi ng'ombe, mtumbira ngati uwu ukanasalazidwa kale.

M'mawa mwake tinalowa m'paki pa geti la Milyoti, m'chigawo cha Nsefu, chimene chili kum'mawa kwa mtsinje pamene mbali yaikulu ya paki ili kumadzulo. Muno suyenda pansi popanda msilikali wa nyama wonyamula mfuti. Dipatimenti yawo inasintha dzina, koma anthu akadali kuwatcha ndi dzina lakale, a ZAWA. Dera limeneli lili ndi mbiri yake. Cha mu 1950 Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde ku Mozambique mu 1912 ndipo anthu a kuno ankamutcha Kakuli, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya nthawiyo kuti ipatule gawo la dziko lake likhale la nyama, alendo azilipira kudzaona, ndalama zizipita ku thumba la Akunda. Msasa wa Nsefu uli pamalo ake kuyambira 1951. Tinyumba take tozungulira tanjerwa tikadalipo, tikuyang'ana pamene mtsinje unakhota kwambiri, ndipo wotsogolera alendo Robin Pope anatitsegulanso mu 1982 titakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito. Ndi tokongola, ndipo n'koyenera kuti tasungidwa. Koma ndinadzifunsa chifukwa chake nyumba ya 1951 imatchedwa mbiri pamene mudzi wa zaka zana m'mbuyo mwake umatchedwa thengo. Yankho ndi njerwa. Maso athu anaphunzitsidwa kuti chakale ndi chimene chili ndi khoma. Mndandanda wa zipilala za dziko uli ndi Fort Young, kumwera kwa Chipata, malo a kampani ya North Charterland, ndipo aliyense wopita ku Lundazi amajambulitsa pa nyumba yonga ya mafumu a ku Ulaya imene bwanamkubwa Errol Button anamangitsa cha m'ma 1950. Za mitengo ndi dothi zilibe wozilankhulira.

Msilikali uja, mnyamata wa kwa Mnkhanya, anatitengera pagombe limene mtsinje ukudya. Mbalame zofiira zinali zitaboola zisa m'khoma la gombelo, mazanamazana, phokoso lokhalokha. Pansi mvuu zinali zitaunjikana m'dziwe lotsala. Koma iye analoza mzere wotuwa m'khomamo, mkono umodzi kuchokera pamwamba. Munali makala, mafupa ndi mapale otulukira theka. Pamwamba pake panali mitengo ikuluikulu ya mchenja ndi ndowe za njovu, popanda chizindikiro chilichonse chakuti panakhalapo munthu.

"Chaka chamawa simudzaupeza," anatero. "Madzi a 2007 anatenga gombe lonse la apo, pamodzi ndi mitengo yake."

Tinapitirira mpaka ku kasupe wotentha wa Chichele, pakati pa dambo loyera ndi mchere. Nyama zimabwera kudzanyambita, ndipo alendo amabwera kudzajambula nyamazo. Koma mchere unkakoka anthu kale nyama zisanakhale ndi owonerera. Amayi ankakokola dothi lamchere, kulitsira madzi m'chiwiya choboola pansi, n'kuphika madzi odonthawo mpaka atauma, ndipo mchere unkagula makasu ndi mapira kumtunda. Pangodya iliyonse ya chigwachi pali phazi la munthu. Lawrence Barham wa ku yunivesite ya Liverpool ndi anzake, pofufuza m'chigwa chino m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, anapeza zida zamiyala zakalekale m'mbali mwa mtsinje wa Manzi, ndiponso malo a anthu oyamba kusula chitsulo kwa Kakumbi. Komabe timabuku tokopa alendo timakonda kunena za chigwa chimene munthu sanachikhudze. Mawu amenewo amagulitsa, koma ndi onama, ndipo amapweteka adzukulu a anthu amene manda awo ali mkati mwa paki. Otsogolera alendo abwino, ambiri a iwo Akunda, amaima pa phale n'kufotokoza. Ena amalipondaponda pothamangira nyalugwe.

Lamulo lilipo. Mu 1989 Zambia inakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo lake limateteza zotsala za anthu za chaka cha 1924 chisanafike. Wopeza zotere ayenera kudziwitsa bungweli, ndipo kukumba kapena kutulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Mwa lamulo, tsono, ngalande ya m'munda uja ndi yotetezedwa chimodzimodzi ndi Fort Young. Koma lamulo silingateteze chimene silinalembedwe paliponse, ndipo mlimi wa kuno akamva kuti boma lachita chidwi ndi malo ake, chimene amakumbukira ndi kusamutsidwa. Ndinaona nkhope ya mwini munda itasintha pamene ndinatchula za kulembetsa.

"Akadzalemba, ndidzalimanso?" anafunsa.

Funso limeneli ndi lolemera kuposa mapale onse a m'mundamo. Ku England mlimi amapitiriza kudyetsa nkhosa pamalo otetezedwa, ndipo pali mapologalamu omulipira kuti asalimepo mozama. Kuno chofunika choyamba n'chotsika mtengo: munthu woyenda ndi foni yojambula malo, kope, ndi chilolezo cha mfumu, kulemba mabwinja mudzi ndi mudzi pamodzi ndi zimene okalamba akukumbukira, eni minda atatsimikiziridwa kuti palibe adzawalande khasu. Ana a sukulu za kuno, amene amaphunzitsidwa mayina a mbalame ndi mabungwe osamala nyama, angathe kuphunziranso kuzindikira dzala lakale. Pa mwambo wa Malaila, pamene Akunda amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira makolo awo, mbiri imanenedwa ndi pakamwa ndi ng'oma. Malo amene mbiriyo inachitikira ali m'minda ya anthu omwe akuvinawo.

Madzulo tinabwerera kumudzi kukatsazika. Pabwalo la mwini munda tinapeza mphwawo, mwana wa mlongo wawo, amene mwa mwambo wa Akunda ndiye adzalowe m'mundamo. Ndi mnyamata wakhama, amagwira ntchito m'khitchini ya loji ina miyezi ya alendo, ndipo wagula kale malata. Mfuwe ikukula, aliyense akufuna nyumba ya njerwa zowotcha, ndipo dothi labwino loumbira likusowa chifukwa makande okha amang'ambika pouma. La pamtumbira paja, losakanikirana ndi phulusa ndi mchenga, akuti ndi labwino zedi, ndiponso ndi lofukulidwa kale.

"Amalume sanakane," anatero, akuyang'ana kwa mkuluyo.

Mkuluyo anati mbali ya khomo ndi pansi pa mbwemba asakhudzepo, chifukwa pamenepo pali akuluakulu. Kwinako anati aona. Mnyamatayo wapangana kale ndi anzake awiri okhala ndi zikombole, ndipo akuti mvula ikangotha ayambira kumadzulo, kumene mtumbira uli wautali.